Bambo akuiwala, mayi akuti akwanitsa okha

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene amagwira ntchito ku Moatize, koma kwawo ndi mudzi wina kupitirira Ulongwe, ku Angónia. Ndaifupikitsa. Bambo ake, a zaka 79, anayamba kuiwala zaka zitatu zapitazo. Poyamba anali mayina a zidzukulu, kenako njira ya kudimba, ndipo lero pena amafunsa akazi awo kuti, "Kodi inu ndinu ndani pakhomo pano?" Mayi ake, a zaka 72, ndiwo akuwasamalira okha. Ana onse ali kutali ndipo amatumiza ndalama pa M-Pesa mwezi ukatha. Nkhani yoti pabwere wothandiza ikayambika, mayi amaidula: "Amuna anga sindingawaonetse kwa anthu ali chonchi." Funso la mchemwaliyu ndi lakuti, poti eni ake akuti akwanitsa, kodi awasiye?

Achemwali, musawasiye. M'nyumba muja muli odwala awiri, kungoti mmodzi sanagwe.

Ndiyambe ndi tulo, chifukwa pafoni nkhani ya tulo siituluka. Anthu ambiri amene ali ndi matendawa, omwe kuchipatala amati demência, amasokonezeka kwambiri dzuwa likamapendeka. Usiku amadzuka, kufufuza chitseko, kumanga kamtolo nkumati akupita kwawo. Kwa bambo amene anabwera chikamwini, "kwathu" ameneyo akhoza kukhala mudzi umene anachoka ali mnyamata, ndipo amakafuna amayi awo omwe anaikidwa kalekale. Ndiye kuti mayi anu amagona khutu limodzi lili kuchitseko. Kukacha, madzi, nkhuni, phala, kuchapa zofunda zonyowa, kusambitsa munthu wamkulu amene akukana kusamba. Thupi la zaka 72 silipirira zimenezi miyezi yambiri. BP imakwera mwakachetechete, mankhwala awo eni amaiwalika, miyendo imayamba kugwedera.

Tsono taganizani tsiku limene mayi adzaterereke kubafa nkuthyoka chiuno, kapena kugwidwa sitiroko. Adzaitane ndani? Bambo sangaimbe foni. Mwina sangadziwe nkomwe kuti amene wagona pansiyo akufuna thandizo. Adzakhala pambali pawo mpaka wina adzadutse, ndipo ngati mayi anazolowetsa anthu kuti pakhomopo sipafikidwa, wodutsayo adzachedwa.

Zoopsa zina ndi za m'nyumba momwemo. Mu June ndi July kwathu ku Angónia kumazizira, mbaula imalowa m'chipinda, zitseko nkutseka. Mpweya wa makala umapha osanunkha, ndipo munthu woiwala amatha kufunda bulangete pafupi ndi moto. Palinso mankhwala opopera kachewere ndi tomato, ndi aja othira m'chimanga poopa anankafumbwe. Alimi tili ndi chizolowezi choipa chowasunga m'mabotolo a Frozy. Bambo akaona botolo la Frozy, amaona chakumwa basi. Zimenezo zichoke m'nyumbamo sabata yomwe ino.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi mawu aja a mayi, oti sangawaonetse kwa anthu. Ndikuwamvetsa. Akusunga ulemu wa mwamuna amene mwina anali mkulu wa mpingo, munthu woweruza milandu pabwalo. Vuto ndi lakuti chinsinsi chimenechi chidzaululika chokha, ndipo chidzaululika usiku. Tsiku lina mayi tulo tidzawagonjetsa, bambo adzatuluka. Akapanda kulowera kumsewu waukulu wa ku Calómuè kumene kumathamanga malole, adzapezeka mbandakucha kuseri kwa nyumba ya munthu m'mudzi wina, kapena pafupi ndi manda, atavala zosakwanira, osatha kunena dzina lawo. Inu mukudziwa mawu amene anthu amafuula akaona nkhalamba ili chonchi. Amati mfiti yagwa. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza okalamba, Lei 3/2014, koma gulu la anthu olusa silidikira kuti wina awerenge lamulo. Chimene chingawapulumutse pa ola limenelo ndi munthu mmodzi wonena kuti, "Asiyeni, awa ndi agogo a uje, amadwala matenda oiwala." Munthu ameneyo sangapezeke ngati nkhaniyi yabisidwa. Choncho a mfumu adziwe, anansi adziwe, a mumpingo adziwe, midzi yoyandikana nayo imve. M'thumba la malaya awo musokeremo kansalu kolembapo dzina la mudzi ndi nambala ya foni.

Pali nkhani inanso yovuta kuitchula, koma ndiitchula. Wodwala akachita mantha amatha kumenya amene akumusambitsa, poganiza kuti ndi mlendo. Nayenso wosamalira akatopa kufika pamapeto amatha kukalipa, kukankha, kutsekera mnzake m'nyumba kuti apite kumunda, ngakhale kumumanga. Amachita zimenezi anthu abwino, amene akhala m'banja zaka makumi asanu mwamtendere. Mayi anu sadzakuuzani mbali iliyonse ya nkhaniyi. Mukapita, muyang'ane mikono ya onse awiri.

Za kuchipatala ndinene mwachidule. Uku si kukalamba chabe, ndipo si kulodzedwa. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Alzheimer, ena amayamba ndi timasitiroko ting'onoting'ono tobwera ndi BP. Mankhwala ochiritsiratu kulibe, komabe kukaonedwa nkofunika, chifukwa matenda ena ochizika amafanana nawo. Funsani técnico de psiquiatria, wachipatala woona za matenda a maganizo, kuchipatala cha boma. Ndipo bambo akasintha mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri, kusokonezeka kuposa masiku onse, musati matenda akula. Nthawi zambiri amakhala malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo zimenezo zimachizika. Mapiritsi ogonetsa ogula pamsika ayi, amagwetsa okalamba. Pa ulendo womwewo mayi nawonso ayezedwe BP ndi shuga.

Nanga mayi muwalowa bwanji? Mukati "mwatopa", iwo amva kuti "mwalephera". Pitirani kwa amalume anu kapena ankhoswe, anthu amene mawu awo mayi sangawakankhe ngati a mwana. Wothandizayo abwere ngati wa madzi, nkhuni ndi kumunda, kusambitsa amuna awo kukhale kwa iwo eni monga akufunira. Chachikulu nchoti usiku pagone munthu wamkulu. Ndikuti wamkulu, chifukwa ife timakonda kutumiza kamdzukulu ka zaka khumi, kusiya sukulu, kukasenza katundu amene wakanika agogo ake. Ndalama za pa M-Pesa zina zilipire munthu ameneyo. Mufufuzenso ngati makolo anu analembedwa ku INAS, bungwe la boma lothandiza ovutika, pa thandizo la okalamba. Ndi kochepa, koma kagula sopo, ndipo sopo apita wambiri.

Mwina mwaganizapo zowatengera ku Moatize. Ine ndingachedwe nazo. Munthu woiwala amadalira malo amene miyendo yake ikuwadziwa, ndipo kumuchotsa kuphiri kozizira kupita ku kutentha kwa October, m'nyumba yachilendo, kumamusokoneza kwambiri.

Mwezi uno musatumize ndalama pafoni. Kwerani chapa mukapereke pamanja, mukagone masiku atatu. Mayi mukawagoneke kwa achemwali awo, inu mugone pafupi ndi chitseko cha bambo. Zimene mudzaone usiku woyamba mudzawaimbire achimwene anu kukangocha, musanaiwale ola limene bambo anadzuka ndi kangati.