Mphwanga, lemba za Eugenius Warming

Moni nonse m'gulu muno. Mphwanga, uthenga wako ndauona, wakuti aphunzitsi a bayoloje akufuna mulembe za munthu mmodzi amene anayambitsa phunziro la ecology, lija loona mmene zamoyo zimakhalirana ndi malo amene zikukhalamo, ndiye ukufunsa kuti usankhe ndani. Kulemba kundichedwetsa, ndingolankhula, iweyo uzitola zofunikazo.

Ine ndikuti tenga Eugenius Warming. Anzako ambiri athamangira kwa Ernst Haeckel poti ndi amene anapeka dzina la phunziroli mu 1866, koma Haeckel mtima wake unali pa zinyama ndi nkhani zina. Amene analowadi m'tchire n'kuyamba kufunsa kuti chomera ichi chikumera pano chifukwa chiyani, nanga apo chikukanika bwanji, ndi Warming.

Anali wa ku Denmark. Anabadwa mu 1841 pa kachilumba ka Mandø, komwe bambo ake anali m'busa. Bambowo anamwalira iye ali wamng'ono kwambiri, moti analeredwa ndi mayi ake. Mu 1859 anayamba maphunziro pa yunivesite ya Copenhagen. Tsono asanamalize, kunabwera mwayi. Ku Brazil, m'tauni yaing'ono ya Lagoa Santa m'chigawo cha Minas Gerais, kunkakhala mkulu wina wa kwawo, Peter Wilhelm Lund, wotchuka chifukwa chofukula mafupa a zinyama zamakedzana m'mapanga. Anali atakalamba ndipo ankafuna mlembi. Warming anapita mu 1863 ali ndi zaka 21, n'kukhala komweko mpaka 1866.

Apa ndi pamene ndikufuna umvetsetse, chifukwa mutu wa nkhani uli pamenepa. Ntchito ya ulembi sinkamudyera nthawi yambiri, ndiye iye amangoyenda m'tchire lozungulira tauniyo. Anthu ambiri a zomera nthawi imeneyo ankadutsa m'dziko mothamanga, kuthyola, kuumitsa, kutumiza ku Ulaya kuti zikapatsidwe mayina, basi. Warming anakhala malo amodzi zaka zitatu, kuona tchire lomwelo m'dzinja, m'chilimwe, likapsa ndi moto, likaphukanso. Tchire la kumeneko amalitcha cerrado. Mitengo yake ndi yaifupi, yokhotakhota, ya makungwa okhuthala, masamba ake olimba, pansi pali udzu wambiri, ndipo zomera zambiri mphamvu yake zinabisa pansi pa nthaka. Moto ukadutsa, pasanapite nthawi zimaphuka n'kuchita maluwa mvula isanagwe n'komwe. Iwe ukudziwa mmene miombo ya kumudzi imachitira pa lupsa, dothi lili gwa koma mphukira zatuluka kale. Ndi zoterozo.

Iye ndi bwana wake sankagwirizana pa chimene chinapangitsa tchirelo kukhala choncho. Lund ankati ndi moto. Warming ankati gwero lake ndi chilimwe chachitali ndiponso dothi, moto umangowonjezera. Lero akatswiri amati zonsezi zimathandizana, ndipo dothi la kumeneko n'losaukadi chakudya cha zomera. Pa kadera kakang'onoko anapezapo mitundu ya zomera yoposa 2,500. Buku la za Lagoa Santa analitulutsa mu 1892, patapita zaka 26 chibwerereni kwawo. Munthu wosapupuluma ameneyo.

Za maudindo ndingodutsamo mwachangu. Anaphunzitsa ku Stockholm kuyambira 1882 mpaka 1885, kenako anakhala pulofesa wa zomera ku Copenhagen ndiponso woyang'anira munda wa zomera wa yunivesiteyo mpaka 1911. Mu 1884 anapita ku Greenland, dziko la madzi oundana, ndipo anayendanso ku Venezuela ndi zilumba za West Indies. Ndiye taganiza, munthu mmodzi waona tchire lotentha la ku Brazil, waona zomera za kozizira koopsa, komanso waona mchenga ndi madambo a mchere a m'mbali mwa nyanja kwawo.

Zonsezi anazisonkhanitsa mu 1895 m'buku lotchedwa Plantesamfund, limene ambiri amaliwerengera ngati buku loyamba lophunzitsira ecology ya zomera. Mfundo yake ndi iyi, uyilembe bwino. Zomera zosakhala pachibale n'komwe, zikakumana ndi vuto limodzi, zimafika pofanana maonekedwe. Tenga nkhadze yathuyi ndi cactus wa ku America. Si zapachibale, koma zonse zimasunga madzi m'thupi ndipo masamba zilibe kapena ndi ochepetsetsa, chifukwa vuto lake ndi limodzi, ludzu. Warming anaika madzi patsogolo, n'kugawa zomera m'magulu anayi: za m'madzi, za pouma, za pamchere, ndi za pakatikati. Za pamcherezo ndi zimene zimandisangalatsa ine. Chomera chili m'mbali mwa nyanja, madzi ponseponse, koma masamba ake ndi onenepa ngati cha m'chipululu, chifukwa mchere umachilepheretsa kuyamwa madziwo mosavuta.

Bukuli linalembedwa m'chilankhulo cha ku Denmark, chimene amawerenga ndi anthu ochepa, koma linayenda. Mu 1896 linatuluka m'Chijeremani, mu 1909 m'Chingerezi. Ku Chicago, Henry Cowles anachita kuphunzira chilankhulo cha ku Denmark kuti aliwerenge, ndipo mu 1899 anasindikiza kafukufuku wake wa mmene zomera zimalowanirana m'malo pa milu ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja ya Michigan. Ku England, Arthur Tansley analiwerenga m'Chijeremani n'kukopeka. Tansley yemweyo ndi amene anakhala mtsogoleri woyamba wa British Ecological Society, bungwe la akatswiri a ecology ku Britain, mu 1913, ndipo mu 1935 anabweretsa mawu akuti ecosystem amene mukuloweza m'kalasimo, otanthauza zamoyo za pamalo amodzi pamodzi ndi malo akewo. Wophunzira wake wa Warming, Christen Raunkiær, ndi amene anadzalowa m'malo mwake ku Copenhagen.

Usamulembe ngati munthu wosaphonya ayi. Pa nkhani ya mmene zamoyo zimasinthira, sanakhutire kwenikweni ndi kafotokozedwe ka Darwin. Iye ankakhulupirira kuti chomera chimasintha chokha malinga ndi malo n'kupatsira ana ake kusinthako, ndipo pamenepo sayansi sinamutsatire. Uikemo zimenezi, aphunzitsi adzaona kuti wawerenga mozama. Anamwalira ku Copenhagen mu 1924.

Chimene chimandipweteka n'chakuti pafupifupi theka la cerrado lija linaswedwa kale, muli minda ya soya ndi msipu wa ng'ombe. Zimene Warming analemba zimathandiza anthu a ku Brazil kudziwa zomwe zinkamera ku Lagoa Santa zinthu zisanasinthe, ndiye ndime yako yomaliza ikhale pamenepo.

Mayina ovutawa ndikulembera pansipa kuti usalakwitse masipelo. Ukamaliza unditumizire ndione usanapereke, ndipo mayi ako uwauze kuti ndiwaimbira madzulo.