Chimbale cha maliro ndi mpando wa kumbuyo

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo kuti chimwalirireni mayi ake akungomvera chimbale cha Funeral cha gulu la Arcade Fire, pamene abale ake akuti ndi phokoso la azungu chabe. Akufunsa kuti munthu angadziwe bwanji ngati woimba akulira zoona kapena akungogulitsa chisoni.

Mayi, pepani ndi zovutazi. Funso lanu landigwira mtima chifukwa landibwezera ku Dedza, tsiku limene tinkaperekeza agogo anga aakazi amene anandilera. Ndinakhala kumbuyo kwa lole pamodzi ndi bokosi, nditalitsamira ndi bondo kuti lisaterereke m'mabampu, ndipo amayi a Chigwirizano ankaimba mokweza kwambiri moti injini sinkamveka. Usiku wathawo ku siwa kunalinso chimodzimodzi: nyimbo mpaka tambala woyamba, ena akuwomba m'manja, abambo akuseka pamoto panja. Sindinagwetse msozi tsiku limenelo, ndipo ndinachita manyazi poganiza kuti anthu aziti ndine wouma mtima. Misozi inadzabwera patapita miyezi, ndili m'minibasi, mahedifoni ali m'makutu, pa nyimbo yotsekera chimbalechi.

Nyimboyo, In the Backseat, amaimba Régine Chassagne, mmodzi wa oimba a gululi, ndipo ikunena za munthu amene anazolowera kukhala kumbuyo kwa galimoto n'kumangoyang'ana kunja ena akuyendetsa, mpaka imfa inayamba kutenga oyendetsawo. Sinena kuti womwalirayo anali wabwino chotani, ndiponso silonjeza kuti mtima udzapola. Yangotola kanthu kamodzi kakang'ono, mpando, n'kusenzetsa kanthuko katundu yense. Ine amene ndinali ndisanaganizepo za fizi kapena feteleza agogo ali moyo, ndinamva ngati andiloza chala.

Anthu ambiri amathamangira mbiri ya chimbalechi ngati umboni. N'zoona kuti chinatuluka mu 2004 pansi pa kampani yotulutsa nyimbo ya Merge Records, chitajambulidwa ku Montreal, ndipo dzina lake linabwera chifukwa cha imfa zotsatizana m'mabanja a oimbawo: agogo a Chassagne mu 2003, kenako Alvino Rey, agogo a Win ndi William Butler, mu 2004, komanso azakhali a Richard Reed Parry. Koma ine ndikukana kuti mbiri ndiyo imapangitsa nyimbo kukhala yoona. Aliyense anafedwapo, ndipo ofedwa ambiri alemba nyimbo zabodza, zodzaza mawu okuluwika amene angaimbidwe pa maliro a munthu wina aliyense. Ndimatopanso ndi oimba amene amanjenjemeretsa mawu dala kuti tidziwe kuti zawapweteka. Ku siwa timawadziwa anthu otere, amene amakweza kulira akaona kuti alendo alowa.

Za phokosozo, abale anu andidabwitsa. Ife amene timaika maliro ndi kwaya, ng'oma ndi zokuzira mawu, tingadandaule bwanji kuti gitala, vayolini ndi akodiyoni zachuluka? Nyimbo ya Wake Up imayamba ndi gitala, kenako gulu lonse likufuula pamodzi popanda liwu lililonse la tanthauzo, monga mmene amayi amachitira bokosi likamatuluka m'nyumba. Pali nyimbo zinayi zotchedwa Neighborhood, ndipo yoyamba ikufotokoza ana akukumba njira m'chipale chofewa kuti akumane, makolo atawasiya akulira m'nyumba, mpaka anawo akuyamba kuiwala mayina amene ankawadziwa. Chipale sindinachiponde, koma mantha oiwala ndimawadziwa, pakuti mawu a agogo sindiwakumbukiranso bwino. Palinso Haïti, yoimbidwa mbali ina m'Chifalansa, yokhudza dziko la Haiti limene makolo a Chassagne anathawa mu ulamuliro wa pulezidenti Duvalier, ndipo kayimbidwe kake n'kopepuka moti ukhoza kuvina usanazindikire kuti ikunena za anthu ophedwa.

Tsono mungayese bwanji?

Mverani nyimbo zonse khumi motsatana, muli nokha, mawu ake muli nawo pafoni. Pa nyimbo iliyonse funani chinthu chimodzi chogwirika chimene woimbayo akanatha kuchisiya koma sanachisiye, ndipo muone ngati akukuthamangitsirani ku chitonthozo. Abale anuwo musalimbane nawo. Ngati pali mmodzi amene munagona naye ku siwa, mubwerekeni hedifoni imodzi pa nyimbo yotsirizayo, mumuuze kaye amene ankayendetsa zinthu pakhomo panu.