Musagule TPM musanaone mu BIOS, ndipo CSM musayizimitse mwachisawawa

Achimwene amene mwalemba kuti kompyuta yanu yakanidwa Windows 11 chifukwa cha TPM, imani kaye, musagule kanthu. PC Health Check, pulogalamu ya Microsoft yoona ngati kompyuta ingalandire Windows 11, ikanena kuti TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo kosunga makiyi achinsinsi) sinapezeke sizitanthauza kuti motherboard yanu yatha ntchito ayi, ndipo amene akukuuzani m'makomenti kuti mugule kachipangizo ka TPM kapena bodi yatsopano sanakufunseni n'komwe kuti processor yanu ndi iti. Ndikulemba izi mtima ukuwawa chifukwa uthenga womwewu ndi umene unanditayitsa mafayilo a zaka zambiri.

Windows 11 itangolengezedwa mu June 2021 desktop yanga inandiuza chimodzimodzi, chonsecho muli processor ya i5-8400 imene ili bwinobwino pa mndandanda wa Microsoft wa ma processor ovomerezeka, paja Intel amayambira 8th gen kupita m'mwamba ndipo AMD amayambira pa Ryzen 2000. Nde ndinaitengera kwa mkulu wina amene anthu ankamutama kuti makompyuta ndi kudya kwake. Munthuyo sanawerenge n'komwe dzina la bodi, anangoti ilibe TPM tigule kachipangizo kolumikiza. Kanabwera, kakukana kulowa, mapini ake osagwirizana ndi a pa bodi, iye n'kumakakankhira ndi chala ine ndikuona. Tizipangizo timeneti sitifanana anzanga, tina ndi ta mapini 20-1, tina 14-1, tina 12-1, tina timalumikizana ndi bodi kudzera njira yotchedwa LPC tina SPI, ka kampani ina nthawi zambiri sikagwira pa bodi ya kampani ina ngakhale kalowe. Ataona kuti zavuta anayamba kuonera vidiyo pa foni yake, ndipamene anapeza kuti TPM inalimo kale mu mashiniwo, yangokhala yozimitsa mu BIOS (ma settings a bodi amene mumalowamo Windows isanayake), dzina lake pa Intel ndi PTT. Anayatsa, inagwira. Zikanathera pamenepo sindikanalemba zonsezi.

Koma anaonanso mzere wa Secure Boot (chitetezo cha poyatsa kompyuta chimene Windows 11 imafunanso), nde anabwerera mu BIOS n'kuzimitsa CSM (imene imalola bodi kuyatsa Windows yoikidwa mwachikale), F10, Enter kuti asunge. Kompyuta inayaka n'kubwereranso mu BIOS. Anayizimitsa, kuyatsa, BIOS yomweyo. Pa mndandanda wa boot panalibe chilichonse, disiki imene yakhala ikugwira ntchito m'mawa womwewo osaoneka. Anandiyang'ana n'kunena kuti bwana disiki yanu yafa, inali itatopa kale. Ndinamufunsa kuti yafa bwanji poti tabwera nayo ikuyaka, iye n'kuti zimachitika. Kenako anatulutsa fulashi yake ya Windows, setup inatseguka ndipo disiki yomwe amati yafayo inaoneka yonse, mapatishoni ake onse ali pamzere, C ndi D yanga. Pansi panatuluka uthenga woti Windows singayikidwe pa disiki imeneyi chifukwa ndi ya MBR, pa EFI pamafunika GPT (MBR ndi kagawidwe kakale ka disiki, GPT ndi katsopano, ndipo EFI kapena UEFI ndi BIOS yamakono). Ine ndinali ndisanamalize n'kuwerenga komwe, dzanja lake lili pa mbewa, Delete, OK, Delete, OK. Ndinakuwa kuti nanga D yo, muli zinthu zanga, iye osatembenuka n'komwe akuti musadandaule bwana tizibweza. Pa sikirini panatsala mzere umodzi wokha wa Unallocated Space ndipo anadina Next nthawi yomweyo. Miyendo inazizira ndithu, ndinangokhala pansi kumaona maperesenti akukwera ndikudziwa kuti chilichonse chimene chikulembedwa pamenepo chikupondereza zithunzi za ana anga kuyambira ali makanda, mafayilo a ntchito, zolemba za malemu bambo anga zimene ndinasikana ndekha tsamba ndi tsamba.

Chimene chimandipweteka kwambiri mpaka lero n'choti ngakhale atafufuta mapatishoniwo zinthu zinali zisanapite, kufufuta patishoni kumangochotsa chizindikiro cha pamene ikuyambira ndi pamene ikuthera, pulogalamu yobweza mapatishoni ya TestDisk ikanabweza zonse ndi mayina ake omwe akanangoima pamenepo. Next uja ndi amene anapha. Pambuyo pake pulogalamu yotola mafayilo otayika ya PhotoRec inatola zina, mayina onse atasanduka manambala, zithunzi zina theka lili bwino theka lotuwa, zolemba za bambo zinabwerako zochepa kwambiri. Ndipo munthuyo mpaka pano sanapepese, anangoti Windows 11 yalowa si imene mumafuna, n'kufunanso kuti ndimulipire ntchito yake kuphatikiza kachipangizo kaja kosagwira ntchito. Anthu otere amandinyansa, sadziwa koma safuna kunena kuti sindikudziwa, amaphunzirira pa katundu wa eni ake, ndipo zikavuta mlandu amaupereka kwa disiki, kwa bodi, kwa mwini wake, kulikonse kupatula manja awo. Munthu woti mawu akuti MBR akuwaona pa sikirini koma osadzifunsa kuti akutanthauza chiyani, ameneyo n'katswiri wanji.

Disiki inalibe vuto lililonse. Windows yanga inayikidwa kalekale mu Legacy, njira yakale yoyatsira, pa disiki ya MBR, ndipo CSM ndi imene imalola bodi ya UEFI kuyatsa Windows yotere. Mukayizimitsa bodi imangofuna disiki ya GPT yokhala ndi patishoni ya EFI, ikapanda kuyipeza imabwerera mu BIOS basi. Akanangoyatsanso CSM Windows ikanabwera mmene inalili, kenako n'kusintha disiki ndi mbr2gpt imene ilimo kale mu Windows 10 kuyambira pa version 1703, siifufuta mafayilo.

Nde inu musanalowe mu BIOS dinani Windows ndi R, lembani msinfo32. Pamenepo muona dzina la processor, BaseBoard Manufacturer ndi BaseBoard Product limene ndi dzina lenileni la bodi yanu, komanso BIOS Mode ndi Secure Boot State. BIOS Mode ikanena UEFI muli pabwino, ikanena Legacy dziwani kuti mwaima pamene ndinaima ine, CSM musayikhudze. Lembaninso tpm.msc, ikakuonetsani Specification Version 2.0 nkhani ya TPM yatha, ikanena kuti Compatible TPM cannot be found sikuti mulibe, kawirikawiri ndi yozimitsa chabe. Disiki muyione mu Disk Management, Properties za disikiyo, pa Volumes pali Partition style.

Processor ndi imene iyenera kukuuzani ngati pali chifukwa chovutikira. Ngati ndi 7th gen monga i7-7700K kapena Ryzen 1000, TPM mutha kuyiyatsa ndithu koma PC Health Check idzakukananibe, ngakhale Ryzen 3 2200G ndi Ryzen 5 2400G sizili pa mndandanda ngakhale dzina likuyamba ndi 2. Apa a AMD muli ndi mwayi chifukwa bodi zambiri za soketi ya AM4 zimalandira processor yatsopanoko mukapanga apudeti ya BIOS, onani pa tsamba la kampani ya bodi yanu mndandanda wa ma CPU amene imalandira. A Intel samalani, bodi za 100 ndi 200 series sizilandira 8th gen ngakhale soketi ikutchedwa LGA1151 chimodzimodzi, pamafunika 300 series, musagule processor poganiza kuti poti yalowa m'malo mwake igwira.

Ngati processor ili bwino, dinani Del kapena F2 poyatsa kuti mulowe mu BIOS. Pa Intel funani PTT kapena Intel Platform Trust Technology, pa AMD funani fTPM, ndiyo TPM yawo ya mkati mwa processor. Pa ASUS ya Intel imakhala mu Advanced pa PCH-FW Configuration, pa MSI muyatse Security Device Support mu Trusted Computing, Gigabyte zambiri zili mu Settings pa Miscellaneous, koma bodi zimasiyana nde buku la bodi yanu lidawunilodeni muwerenge. Makampani ambiri anatulutsa ma BIOS atsopano mu 2021 amene amabwera TPM ili yoyatsa kale, ndipo a AMD amene kompyuta imachita ngati yadodoma pang'ono mawu n'kumadukaduka mukayatsa fTPM, zimenezo anazikonza mu 2022 ndi apudeti ya BIOS yokhala ndi AGESA 1.2.0.7. Kungoti apudeti ya BIOS si yochita magetsi akukayikitsa, akazima pakati bodi ikhoza osayakanso. Ngati BitLocker, imene imakiya mafayilo a pa disiki, ndi yoyatsa, kiyi yake ya manambala 48 muyilembe papepala musanasinthe chilichonse, ndipo pamene palembedwa Clear TPM musadinepo chifukwa choti mukufuna kuona chimene chichitike.

Ya Legacy ija mukayipeza, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani mbr2gpt /validate /allowFullOS, ikavomera ndipamene mulembe mbr2gpt /convert /allowFullOS, imakana ngati disiki ili ndi ma primary partition opitirira 3. Ikamaliza ndiye mulowe mu BIOS muzimitse CSM, apa tsopano ndi pofunika chifukwa disiki yasanduka GPT. Dongosolo lake ndi limenelo, disiki kaye CSM pambuyo, mkulu uja anayamba ndi kumapeto. Windows 11 imafuna kuti mashini akhale otha Secure Boot, ikhoza kulowa isanayatsidwe bola muli mu UEFI, koma yatsani ndithu chifukwa magemu ena monga Valorant amakana popanda iyo pa Windows 11. Chinanso chimene anthu satchula, graphics card yakale kwambiri yopanda UEFI GOP (yosatha kuonetsa zithunzi mu UEFI) ikhoza kukupatsani sikirini yakuda mukazimitsa CSM, musachite mantha, zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, chotsani kabatire ka CR2032 pa bodi kwa mphindi zingapo, BIOS ibwerera mmene inalili kufakitale.

Ndaona wina walemba kuti ingogwiritsani Rufus, pulogalamu yopangira fulashi ya Windows, mudumphe zonsezi. Imagwira, sindikana, koma Microsoft inanena poyera kuti mashini osavomerezeka alibe chitsimikizo cholandira ma apudeti, ndipo kuyambira pa version 24H2 processor yakale kwambiri yopanda luso lotchedwa SSE4.2 siyatsa n'komwe Windows 11. Kudumpha TPM pa bodi yoti TPM ilimo kale ndi kudzimana chitetezo chaulere. Kukhalabe pa Windows 10 nakonso sindingakulimbikitseni poti sapoti yake inatha pa 14 October 2025.

Kunena zoona, mukakopera mafayilo anu onse pa disiki ina ya kunja, n'kutsegula angapo kuti mutsimikize kuti akutseguka, n'kuyizula pa kompyutapo, ine ndingati ingofufutani mapatishoni onse muyike Windows 11 yatsopano pa GPT, imayenda bwino kuposa kukoka zinyalala za Windows yakale. Ndipo ngati mukuona kuti mu BIOS manja anjenjemera musakakamize, pitani nayo kwa munthu wodziwa, koma disiki ya mafayilo itsale kunyumba, mukhale pambali pake mpaka amalize, ndipo mumufunse kaye kusiyana kwa MBR ndi GPT, akayamba kuzungulira nyamulani kompyuta yanu muzipita. Jambulani msinfo32 yanuyo muponye pano tione processor, BaseBoard Product ndi BIOS Mode, ndikuuzani pamene PTT kapena fTPM ili pa bodi imeneyo.