Shaki wa sowo wa ku Zanzibar: amadziwa bwanji kuti ndi watsopano?

FUNSO: Akonzi, ndinamva kuti asayansi apeza mtundu watsopano wa shaki kunyanja yamchere. Ine ndine msodzi ndipo ndikudabwa, nsomba zonsezi zimafanana, ndiye iwowo amadziwa bwanji kuti iyi ndi yatsopano, osati ndi yomweyo yakale kungoti yakula mosiyana? Msodzi, Nkhotakota

YANKHO: Zikomo bambo, funso lanuli ndi lomwe asayansiwo amalimbana nalo zaka ndi zaka. Kugwira nsombayo si kovuta kwenikweni, chovuta ndi kutsimikiza kuti palibe amene anailembapo kale, poti mitundu ya shaki yodziwika ikupitirira 500.

Ndikupatseni nkhani yeniyeni. Mu 2020 gulu lotsogoleredwa ndi Simon Weigmann wa ku Germany linalengeza mitundu iwiri yatsopano ya shaki wa sowo, uja wamphuno yaitali yokhala ndi mano mbali zonse. Wina anamutcha Pliotrema kajae, wa ku Madagascar, winayo Pliotrema annae, wa ku Zanzibar. Ashaki ambiri amakhala ndi timipata 5 topumira mbali iliyonse ya mutu koma awawa ali nato 6, ndiye pomwepo anadziwa kuti ndi a gulu la Pliotrema. Vuto linali loti gululi kuyambira 1906 linkadziwika kuti lili ndi mtundu umodzi basi, Pliotrema warreni, wopezeka kugombe la South Africa mpaka kummwera kwa Mozambique, moti aliyense akaona wa timipata 6 amangoti ndi yemweyo.

Chomwe chinawasiyanitsa ndi ndevu. Shaki ameneyu ali ndi ndevu ziwiri pansi pa sowo lake ngati za mlamba zija, ndipo atayeza bwinobwino anapeza kuti pa warreni ndevuzo zili chakufupi ndi kamwa pomwe pa atsopanowa zili chapakati pa sowolo, komanso wa ku Zanzibar sowo lake ndi lalifupiko poyerekeza ndi wa ku Madagascar. Tinthu tating'ono chonchi koma tikamapezeka pa nsomba iliyonse yochokera dera limenelo, osati imodzi yokha, ndiye kuti si ngozi ayi.

Sathera pamenepo. Amawerenga mano, amayeza zipsepse, amajambula ndi ekisirei kuti awerenge mfundo za msana, masiku ano amadulanso kanyama pang'ono kukayeza DNA, tinthu ta m'thupi tosunga chibadwa cha chamoyo chilichonse, kenako amayenda m'mamyuziyamu kukayerekeza ndi nsomba zakale zosungidwa m'mabotolo a mankhwala. Akakhutira amasankha nsomba imodzi yoti izikhala choyezera cha mtundu wonsewo, amati holotype, imasungidwa kumyuziyamu kuti wotsutsa akaione yekha. Dzina limakhala la mawu awiri achilatini, loyamba la gulu lachiwiri la mtundu, ndipo zonsezo azisindikize m'magazini ya sayansi anzawo ataunika kaye.

Nchifukwa chake zimachedwa. Shaki wa chikamwa chachikulu uja, megamouth, anakodwa pa nangula wa sitima ya asilikali a America pafupi ndi Hawaii mu 1976 koma dzina lake loti Megachasma pelagios linadzatuluka mu 1983, ndipo anali wosiyana kwambiri ndi ena onse moti anachita kumupangira banja lakelake.

Chomwe chimandikhudza ine nchakuti shaki wa ku Zanzibar uja anapezeka pa nsomba zomwe asodzi anagwira, kutanthauza kuti anthu ngati inu bambo ndinu oyamba kuziona zinthuzi. M'nyanja ya Malawi mulibe shaki, koma muli mbuna ndi nsomba zina zambirimbiri zomwe mpaka pano zilibe dzina la sayansi. Mukakola yachilendo ijambuleni pafoni idakali yaiwisi mtundu wake usanafwifwe, mutambasule zipsepse zioneke, mukumbukire malo ndi kuya kwa pomwe munaikola, muiike pa ayezi ndipo mukaionetse kuofesi ya zansomba yapafupi.