Kodi Mutseke Malonda Anu Kuti Mukaphunzire Zamalonda?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wasankhidwa kukachita nawo maphunziro a masabata atatu a anthu ofuna kukhazikitsa bizinesi. Akufunsa ngati n'koyenera kutseka kamalonda kake kwa nthawi yonseyo, poti wamva kuti omaliza maphunzirowo amapeza ngongole mosavuta. Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa inenso ndinakhalapo pampando woterowo, cholembera chili m'manja, ndikukhulupirira kuti chimene chinkandisowa pamoyo wanga chinali satifiketi.

Nthawi imeneyo ndinali nditangogula makina awiri osokera ndipo ndinali ndi mnyamata mmodzi wondithandiza. Bungwe lina linatisonkhanitsa anthu pafupifupi 30 m'holo yaikulu, ndipo kwa masiku 10 tinkafika m'mawa, kusaina dzina, n'kukhala pansi kumvetsera mphunzitsi amene anadzavomera yekha tsiku lomaliza kuti sanagulitsepo ngakhale singano. Anatiphunzitsa kulemba pulani ya bizinesi ya zaka zisanu. Ine ndinadzaza masamba 20, ndinajambula mzere wa phindu ukukwera chaka ndi chaka popanda kugwa paliponse, ndipo anzanga anandiombera m'manja. Ambiri mwa iwo ankabwera chifukwa cha ndalama ya mayendedwe imene tinkalandira madzulo, ndipo sindiwaimba mlandu, pakuti ndalamayo inali chinthu chokhacho chogwirika chimene tinkachoka nacho. Ngongole imene ankatilonjeza chamseri sinabwere, chifukwa obwereketsa anafuna chikole ndipo pulani ija sanaitsegule n'komwe. Nditabwerera kumakina anga ndinapeza kuti makasitomala anga awiri akuluakulu apita kwina, popeza mnyamata uja yekha sanathe kumaliza zovala zawo pa tsiku limene tinagwirizana.

Chimene chinandipulumutsa chinabwera patapita miyezi, kuchokera kwa mayi wina wachikulire amene anali atasoka zovala kwa zaka zambiri ine ndisanabadwe. Ndikumudandaulira kuti ntchito ilipo koma ndalama sizioneka, iye anangondifunsa kuti, "Nanga iwe umadzilipira zingati pamwezi?" Ndinasowa choyankha. Ndalama ya ulusi, ya lendi, ya sukulu ya mng'ono wanga ndi ya wachibale aliyense wobwera ndi vuto inkatuluka m'thumba limodzi. Anandilangiza kuti ndikhale ndi mabokosi awiri, lina la bizinesi ndi lina la pakhomo, ndidziikire malipiro, ndipo ndikatapa m'bokosi la bizinesi ndilembe ngati ngongole yoti ndibweze. Phunziro lonselo linatenga mphindi zosakwana 10, pamene m'holo muja palibe anali atalitchulako m'masiku 10.

Ndinadzadabwa kupeza kuti akatswiri a zachuma anayesapo nzeru yomweyi. Ku Dominican Republic, Alejandro Drexler, Greg Fischer ndi Antoinette Schoar anayerekeza maphunziro a kawerengedwe ka ndalama a m'mabuku ndi malangizo osavuta ngati a mayi uja pakati pa makasitomala a banki ya ADOPEM. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2014, zinasonyeza kuti malangizo osavutawo ndi amene anasintha kasamalidwe ka ndalama, makamaka kwa amene sankadziwa zambiri za kawerengedweko. Ku Kenya, m'dera la Dandora mumzinda wa Nairobi, amayi achichepere amene anapatsidwa mlangizi wochita kale malonda ofanana ndi awo anawonjezera phindu ndi pafupifupi 20 peresenti, pamene amene anapita m'kalasi phindu lawo silinasinthe. Koma phindu la olangizidwawo linabwereranso pansi atasiya kukumana ndi alangizi awo, ndipo mfundo imeneyi ndimaikhulupirira, chifukwa inenso ndinkayenera kupita kwa mayi uja mobwerezabwereza, lero za wogulitsa nsalu wotsika mtengo, mawa za kasitomala wokana kulipira.

Poyamba ndinkanena kuti maphunzirowa ali ndi ubwino ndi kuipa kwake, koma tsopano ndikunena mosabisa kuti ambiri mwa iwo anakonzedwa kuti akhutiritse wopereka ndalama. Iye amafuna chiwerengero cha anthu ophunzitsidwa, mayina osainidwa ndi zithunzi za tsiku lolandira masatifiketi, ndipo zimenezi n'zosavuta kuwerenga kuyerekeza ndi kubwereranso patatha zaka ziwiri kudzaona amene akugulitsabe. Sindikunena kuti mabuku ake ndi oipa. Pulogalamu ya Start and Improve Your Business ya ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, imene inachokera ku maphunziro okonzedwa ku Sweden m'zaka za m'ma 1970, ili ndi mfundo zothandiza za kuwerengera mtengo ndi kusunga katundu. Vuto limabuka buku labwino likaperekedwa kwa munthu wongoliwerenga mokweza, kwa anthu osakanikirana, wina ali ndi antchito asanu, wina sanasankhe n'komwe choti adzagulitse.

Umboni umene unandigwedeza kwambiri ndi wa ku Togo. Ofufuza a World Bank pamodzi ndi katswiri wa zamaganizo Michael Frese anatenga eni mabizinesi ang'onoang'ono 1,500 a mumzinda wa Lomé n'kuwagawa patatu. Ena anaphunzira zamalonda mwa nthawi zonse, ena sanapatsidwe maphunziro aliwonse, ndipo ena anaphunzitsidwa kudziyambira zinthu, kutanthauza kufunafuna makasitomala osadikira kuti abwere, kuyesa chinthu chimene mnzako woyandikana naye sakugulitsa, ndiponso kukonzekera vuto lisanafike. Malinga ndi zimene magazini ya Science inasindikiza mu 2017, phindu la gulu lomalizali linakwera ndi 30 peresenti m'zaka ziwiri, pamene la gulu loyamba linakwera ndi 11 peresenti, kusintha kochepa moti ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti kunabwera ndi maphunziro. Ndikakumbukira mmene ndinkakhalira pamakina tsiku lonse kudikira kuti wina alowe ndi nsalu, ndimamvetsa chimene anthu amenewo anaphunzira.

Palinso nkhani ya mpamba, imene aphunzitsi sakonda kuikhudza chifukwa alibe choti apereke. Ku Sri Lanka, Suresh de Mel, David McKenzie ndi Christopher Woodruff anapereka madola 100 kapena 200 kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono popanda phunziro lililonse, ndipo ndalamayo inkabala pafupifupi 5 peresenti pamwezi. Chokukhudzani inu, mayi, n'chakuti phindu limenelo linaoneka m'mabizinesi a amuna, pamene m'mabizinesi a amayi silinaoneke, ndipo ofufuza ena anadzapeza kuti kawirikawiri ndalama ya mkazi inkathera mubizinesi ya mwamuna wake. Apa mukuonanso chifukwa chimene ndikuchulukitsira mawu pa mabokosi awiri aja. Mapulogalamu ophatikiza maphunziro ndi mpamba alipo, monga ya Tony Elumelu Foundation imene kuyambira mu 2015 imapereka madola 5,000 kwa osankhidwa, koma opikisana amakhala ochuluka kwambiri moti simungamangirepo chiyembekezo chanu chonse.

Tsono mupite kapena ayi?

Musanayankhe kalata yawo, afunseni okonza maphunzirowo zinthu zitatu: ngati mphunzitsi anachitapo malonda, ngati pali amene adzakuyendereni pamalo panu maphunziro akatha, ndiponso dzina la wobwereketsa ngongoleyo pamodzi ndi chikole chimene amafuna. Pemphani kuti akulumikizeni ndi anthu awiri amene anamaliza chaka chatha, ndipo muwafunse chimene amachita mosiyana lero. Mayankho akakhala omveka pitani, koma musatseke malonda. Siyani munthu wodalirika, muziwerengera naye katundu ndi ndalama madzulo aliwonse, ndipo muwauze makasitomala anu akuluakulu tsiku limene mudzabwerere. Akayamba kuzungulira pa nkhani ya ngongole, khalani pamalonda panu, ndipo masabata atatuwo muwagwiritse ntchito kupeza munthu amene wagulitsa zimene inu mumagulitsa kwa zaka zambiri, n'kumupempha kuti muzikumana kamodzi pasabata.