Rozi wonunkhira amatheka m'chigubu, koma mukagule ndi mphuno

Mayi, ndawerenga funso lanu. Mwati mukukhala nyumba ya lendi ku Area 25 ku Lilongwe, bwalo lonse ndi la simenti, ndipo mukufuna rozi wosatalika, wonunkhira, woti tsiku losamuka mudzangomukweza m'galimoto. Mwatinso amene munagula m'mbali mwa msewu anachita maluwa okongola koma opanda fungo, kenako anauma mu Okutobala. Musagwe ulesi, zimenezi zimatheka ndithu, ndipo mavuto awiri mwatchulawo ali ndi magwero osiyana.

Tiyambe ndi fungo. Fungo la rozi lili mu mtundu wake. Palibe feteleza, manyowa kapena mankhwala amene angapatse fungo rozi amene anabadwa wopanda fungo. Choncho musagule mbande yopanda duwa chifukwa wogulitsa wakulonjezani kuti "amanunkhira uyu". Pitani m'mawa dzuwa litangoyamba kufunda, nthawi imene fungo limamveka kwambiri, mupeze mbande yomwe yamasula duwa, muweramire mununkhize nokha. Ngati simukumva kanthu pamenepo, kunyumba kwanunso simudzamva kanthu. Marozi a m'maphukusi a paukwati, ngati amene amalimidwa mochuluka ku Naivasha m'dziko la Kenya, anawasankha kuti akhale ndi phesi lalitali komanso azichedwa kufota paulendo, ndipo ambiri mwa iwo fungo ndi lochepa. Musataye nthawi kubzala mapesi awo.

Ngati mungapeze ogulitsa odziwa mayina, funsani awa. Margaret Merril ndi woyera, anatulutsidwa ndi a Harkness ku England mu 1977, kawirikawiri sapitirira mita imodi, ndipo fungo lake limadzaza khonde. Kwa ine ameneyu ndiye woyamba. Sweet Chariot wa Ralph Moore wa ku California, wa 1984, ndi kakang'ono, maluwa ake ndi apepo, amabwera m'magulumagulu n'kumalendewera m'mbali mwa chidebe. Munstead Wood wa David Austin, wa 2007, ndi wofiira moderapo, wonunkhira kwambiri, koma dzuwa lamasana limawaula maluwa ake. Double Delight, wofiira m'mbali woyera pakati, amatalikirapo, amafuna theka la diramu. Iceberg, woyera uja mumamuona ponseponse, ndi wopirira zedi koma fungo lake ndi lapatali. Amene muli ku Joni muli ndi mwayi, chifukwa ku Ludwig's Roses kufupi ndi Pretoria rozi aliyense ali ndi dzina lake, kungoti mbewu yamoyo siwoloka malire popanda chilolezo. Kuno kwathu mbande zambiri zilibe mayina, n'chifukwa chake ndikuumirira pa mphuno. Ndipo chonde, njere za "rozi wabuluu" zotsatsidwa pa intaneti zilekeni. Rozi wabuluu weniweni kulibe, komanso njere sizibereka duwa lofanana ndi kholo lake.

Tsopano za kuuma kuja. Ndikukhulupirira kuti chidebe chinali chaching'ono, kapena munamusiya m'kapepala kakuda komwe anabwera nako. Mizu ya rozi imapita pansi. Chochepetsetsa chikhale chigubu cha malita 20, ngati cha mafuta ophikira chija, mutachidula pamwamba ndi kuchitsuka bwino. Boolani pansi mabowo 6 kapena 8 oti chala n'kulowa. Chigubucho chikhale pa njerwa ziwiri, osati pa simenti penipeni, kuti madzi azituluka, mizu isapse ndi kutentha kwa simenti, ndiponso muone msanga chiswe chikayamba kumanga njira. Pulasitiki wakuda pa dzuwa la Okutobala amatentha mpaka mizu ya m'mbali imafa, mwini wake akuthirira tsiku ndi tsiku osadziwa chomwe chikupha duwa. Chipakeni penti woyera kapena chikulungeni ndi chiguduli. Mphika wadothi umasunga mizu pozizira bwino kuposa zonsezi, koma umauma msanga ndipo posamuka umafuna kuusamala.

Dothi musangokumba katondo kuseri n'kuthira. M'chidebe katondo payekha amagwirana, madzi amangodutsa m'mbali pakati pali gwa. Sakanizani magawo 2 a dothi lapamwamba lakuda, gawo limodzi la manyowa a ng'ombe owolerana mpaka osanunkhanso, ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje kapena mankhusu a mpunga owola. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu. Ngati mbande yanu ndi yolumikiza, kutanthauza rozi wabwino wophatikizidwa pa tsinde la rozi wakutchire, mudzaona chotupa patsinde pomwe anaphatikiza. Chimenecho chikhale pa mulingo wa dothi, ndipo mphukira iliyonse yochokera kunsi kwake muzithothole, poti ndi ya tsinde lakutchire ndipo mukaisiya imalanda chakudya chonse. Siyani mpata wa zala zitatu pakati pa dothi ndi mlomo wa chigubu kuti madzi azikhala ndi poima.

Dzuwa ndiye pamene ambiri a m'nyumba za lendi amavutikira. Rozi amafuna maola 6 a dzuwa pa tsiku. Mukamuika mkati mwa khonde chifukwa akukongoletsa pakhomo, adzatalika monyozoloka, masamba ambiri, maluwa apo ndi apo. Malo abwino ndi mbali yakum'mawa, komwe dzuwa limafika kuyambira m'mawa mpaka masana kenako khoma n'kumutchinga. Ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Dedza akhoza kukhala padzuwa tsiku lonse miyezi yambiri. A ku Salima, Mangochi ndi kuchigwa cha Shire, mthunzi wamasana ndi wofunika kwambiri. Ubwino wa chidebe ndi womwewu, mumachisuntha malinga ndi nyengo.

Kuthirira: pisani chala m'dothi. Ngati pauma mpaka pa mfundo yachiwiri, thirani mpaka madzi atuluke pansi. Mu Juni zimenezi zikhoza kukhala kawiri kapena katatu pa sabata, koma kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa ndi tsiku lililonse m'mawa. Thirani patsinde, osati pamasamba. Ndikudziwa kuti madzi amavuta ndipo mtima umafuna kugwiritsa ntchito ochapira zovala, koma a sopo waufa ali ndi mchere umene umaunjikana m'chidebe, masamba n'kuyamba kupsa m'mbali. Otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba alibe vuto.

Pa chakudya ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Feteleza wa chimanga wa 23:21:0+4S anali m'nyumba zambiri kale, koma mukamupeza dziwani kuti ziro uja akutanthauza kuti mulibe potaziyamu, chomwe rozi amafuna kuti achite maluwa ndi kulimba ku matenda. Yureya ndiye amangobweretsa masamba ofewa okoka nsabwe. Funani feteleza wa D Compound, yemwe ali ndi potaziyamu, muzithira zitsekerero 2 za botolo la zakumwa mwezi uliwonse, m'mbali mwa chigubu kutali ndi tsinde, dothi lili lonyowa. Onjezani manyowa odzaza manja awiri pamwamba miyezi itatu iliyonse. Kaphulusa ka nkhuni pang'ono kamathandiza, koma kawiri pa chaka basi. Pakatha zaka 2 kapena 3, mutulutseni, mudule mizu yozungulira, mumupatse dothi latsopano.

Duwa likafota musalisiye. Tsikani ndi nthambiyo mpaka pa tsamba lokhala ndi timasamba 5 loyang'ana kunja, mudule pamwamba pake pang'ono. Pamenepo padzatuluka nthambi ina, ndipo pakatha sabata 6 kapena 7 mudzaonanso duwa. Kudulira kwakukulu ndi mu Julayi: chotsani nthambi zouma, zoonda ndi zopingasana, zotsalazo muzidule pafupifupi theka. Zimamvetsa chisoni kuona timitengo tokhatokha, koma maluwa a Seputembala ndi Okutobala amachokera pamenepo.

Nthawi ya dzinja mudzaona madontho akuda pamasamba, kenako masamba achikasu n'kumayoyoka. Ndi matenda obwera ndi chinyontho. Tolani masamba onse odwala, ngakhale ogwera m'chigubu, muwotche, ndipo ikani duwa poti mphepo izidutsa. Zikakula, Dithane yemwe alimi a tomato amapopera amateteza masamba otsala, mutatsata malangizo a papaketi. Nsabwe zobiriwira pansonga zimachoka ndi zala kapena madzi a sopo wamtanda pang'ono. M'chilimwe, masamba akayamba kutuwa ndi timaukonde kunsi, ndi akangaude ofiira, ndipo amakonda duwa lobisidwa pakhonde louma. Apo pokha ndi pomwe muyenera kutsuka masamba ndi madzi, makamaka kunsi kwake, m'mawa.

Njira yotsika mtengo ndi iyi: yendani m'dera lanu, kutchalitchi, kwa amayi achikulire okhala ndi maluwa akalekale pakhomo. Mukapeza rozi wamfupi amene fungo lake lakuimitsani, pemphani nthambi zingapo zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 20, zomwe zangotha kuchita maluwa. Chotsani masamba am'munsi, zikani theka mu mchenga wonyowa pamthunzi, vundikirani ndi botolo lapulasitiki lodula. Chitani zimenezi pakati pa Meyi ndi Julayi kukuzizira. Sizigwira zonse, ndiye bzalani 5 kapena 6. Zogwirazo zimaphuka mizu pakatha miyezi iwiri, ndipo muzisamutsire m'chigubu kutentha kusanafike. Mukatumiza chithunzi cha khonde lanu ndi kunena mbali yomwe dzuwa limatulukira, ndikuuzani poika chigubucho.