Kwa mayi wamasiye amene akufunsa ngati Mulungu wamutaya

Ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa kuno ku Mangochi, ndipo wandilola kuyankha poyera malinga ndisatchule dzina lake kapena mudzi wake. Mwamuna wake anali msodzi, ndipo atangoikidwa m'manda abale a malemuyo anatenga boti la injini pamodzi ndi makoka, ngakhale kuti zina mwa ndalama zogulira katunduyo zinachokera ku malonda a usipa a mayiyo. Atayesa kudandaula, kunabuka mphekesera yakuti ndi iye amene analodza mwamuna wake, moti amayi ena amene ankaimba nawo kumpingo anayamba kumuzemba. Kalatayo ikutha motere: "Ndapemphera mpaka mawu atha, koma kumwamba kuli zii. Kodi Mulungu wanditaya? Ngati sananditaye, kodi kumukhulupirira ndiko kukhala chete anthu akudya thukuta langa? Mnzanga wina akuti andiperekeze kwa sing'anga kuti nditsirike nyumba ndi ana."

Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya bambo, ndiponso chifukwa chakuti simunapatsidwe ngakhale mpata wolira maliro mwamtendere. Ndikupemphani kuti muwerenge 2 Samueli kuyambira mutu 15 mpaka 17, pamodzi ndi Salimo 3, limene mawu ake apamutu amanena kuti ndi la Davide pamene ankathawa mwana wake Abisalomu, amene anamuukira kuti alande ufumu. Ndasankha nkhani imeneyi chifukwa adani a Davide pa nthawiyo anali a m'nyumba mwake momwe, monga zilili ndi inu, ndipo bala lochokera kwa munthu amene munkadya naye mbale imodzi limapweteka mosiyana ndi la mlendo.

Taonani mmene mfumuyo inatulukira mu Yerusalemu. Inawoloka mtsinje wa Kidroni, nikwera Phiri la Azitona ikulira, itafunda kumutu, ili yopanda nsapato. Ili m'njira inauzidwa kuti Ahitofele, phungu wake amene uphungu wake anthu ankautenga ngati mawu a Mulungu, wagwirizana ndi oukirawo. Itafika ku Bahurimu, munthu wina wa fuko la Sauli, dzina lake Simei, anayamba kuyenda m'mbali mwa phiri moyang'anizana ndi gulu la mfumu, akutukwana kuti Yehova akumulanga Davide chifukwa chokhetsa magazi, akugenda miyala ndi kuwaza fumbi. Komabe m'Salimo 3 chimene Davide akudandaula nacho si miyala ija. Iye akuti ambiri akunena kuti Mulungu sadzamupulumutsa. Mawu amenewo ndi amene analowa mkati, ndipo ndikuona kuti inunso ndi amene akupwetekani kuposa kutaya boti, pakuti funso limene mwandifunsa linayamba kukhala pakamwa pa anthu okunenaniwo lisanafike mumtima mwanu. Davide anali ndi chifukwa chenicheni choopera kuti mwina Simei akunena zoona, popeza mneneri Natani anali atamuuza kale kuti lupanga silidzachoka m'nyumba mwake chifukwa cha mlandu wa Uriya, msilikali amene Davide anamuphetsa natenga mkazi wake. Ngati munthu wa mlandu wotere anapitirizabe kuitana Mulungu ndipo anamvedwa, inu amene mukunamiziridwa musalole kuti miseche ikuuzeni maganizo a Mulungu pa moyo wanu.

Kumva ngati kumwamba kwatsekeka si umboni wakuti mwatayidwa, ndipo si tchimo kunena zimenezo m'pemphero. Salimo 13 limafunsa kanayi konse kuti zidzakhala chonchi mpaka liti. Salimo 88 limayamba ndi kulira, nilithera mumdima popanda mawu achitonthozo, koma linasungidwa m'buku la nyimbo za anthu a Mulungu. Ambuye Yesu mwini, ali pamtanda, anafuula mawu oyamba a Salimo 22, kufunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira. Alaliki ena amathamangira kudzudzula munthu wolira motere kuti alibe chikhulupiriro, ndipo ine ndimaona kuti kutero ndi kusenzetsa wodwala katundu wina, chifukwa munthu amene akufunsa Mulungu kuti "muli kuti" akulankhulabe ndi Mulungu yemweyo. Choncho ngati mawu anu atha, tengani masalimo amenewa muziwerenga mokweza monga pemphero lanu, osawonjezerapo chilichonse.

Pa nkhani yotsirika nyumba, pali kanthu kena m'mutu 15 wa 2 Samueli kamene owerenga ambiri amangokadumpha. Wansembe Zadoki ndi Alevi anatuluka mumzinda atanyamula likasa la chipangano kuti lipite limodzi ndi mfumu, koma Davide anawalamula kuti alibweze, nanena kuti Yehova akamukomera mtima adzamubweretsanso kudzaliona, ndipo akapanda kukondwera naye, achite naye chimene chikumukomera. Kale m'masiku a Eli, monga tikuwerengera pa 1 Samueli 4, Aisraeli anatengera likasa lomwelo kunkhondo poganiza kuti likakhala pakati pawo sangagonje, koma anaphedwa asilikali 30,000 ndipo likasalo linalandidwa ndi Afilisti. Davide anakana kusandutsa chinthu chopatulika kukhala chithumwa. Ngati iye sanafune kugwira Mulungu pakhosi pogwiritsa ntchito likasa, kuli bwanji ife ndi nsupa yokwirira pakhomo, kapena kabotolo ka mafuta ndi madzi kamene aneneri ena amagulitsa pa mtengo wa thumba la chimanga. Palinso ngozi ina yoonekeratu: anthu amene akukunenani za ufiti akangomva kuti mwaonedwa kwa sing'anga, mudzakhala mwawapatsa umboni umene akhala akuusowa, ndipo ndalama zochepa zimene mwatsala nazo zidzathera komweko.

Tsopano ndifike pa funso lanu lalikulu, lakuti kodi kukhulupirira Mulungu ndiko kupinda manja. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo nkhani yomweyi ikusiyanitsa bwino lomwe kubwezera ndi kudziteteza. Pamene Abisai, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a Davide, anatcha Simei galu wakufa napempha chilolezo chakuti akamudule mutu, Davide anamuletsa, nati mwina Yehova adzaona kusauka kwake. Kubwezera anakusiya m'manja mwa Mulungu, monganso Paulo akulangizira pa Aroma 12:19. Koma Davide yemweyo, atangopemphera kuti uphungu wa Ahitofele usanduke wopusa, anakumana ndi bwenzi lake Husai pamwamba pa phiri, ndipo nthawi yomweyo anamutuma kuti abwerere mumzinda akasokoneze uphunguwo, nakonzanso kuti ana a ansembe, Ahimaazi ndi Yonatani, azimubweretsera uthenga. Ahitofele anafuna kutenga anthu 12,000 kuti akaphe Davide usiku womwewo akadali wotopa, koma Abisalomu anamvera Husai amene anamulangiza kuti ayambe wasonkhanitsa Aisraeli onse, ndipo malembo akunena kuti Yehova ndiye anakonza kuti zitero. Pemphero linayankhidwa kudzera mwa munthu amene Davide anamutuma ndi pakamwa pake. Kumbukiraninso kuti pamene Yesu anafuna kuphunzitsa za kupemphera kosafooka, pa Luka 18, anapereka chitsanzo cha mayi wamasiye amene ankapita kwa woweruza mobwerezabwereza kufuna chilungamo pa mdani wake, ndipo sanamudzudzule kuti akadangokhala kunyumba.

M'dziko muno muli lamulo la chuma cha masiye limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2011, ndipo limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo pa abale ena, komanso limanena kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lamulo lina lakale, la m'chaka cha 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Kukadandaula kwa anyakwawa, ku ofesi ya bwanamkubwa kuboma, ku nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kapena ku Legal Aid Bureau kumene amathandiza osakwanitsa kulipira loya, sikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Mtumwi Paulo, amene anaphunzitsa za kusabwezera, anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaisara ataona kuti ku Yerusalemu sakapeza chilungamo. Chimene muyenera kusamala ndi mtima umene mukupita nawo kumeneko, kuti mukafune chakudya ndi fizi ya ana anu, osati kugwa kwa alamu anu.

Sindikulonjezani kuti boti lidzabwerera, kapena kuti mkwiyo udzatha m'mwezi umodzi. Davide anabwerera pa mpando wake, koma anabwerera akulira mwana wake Abisalomu amene anaphedwa ndi Yowabu, mkulu wa asilikali ake, ndipo ngakhale analumbira kuti sadzapha Simei, ali pafupi kumwalira anakumbutsabe Solomoni za matemberero aja. Malembo sakubisa kuti bala limenelo linakhalitsa mwa iye, kotero musadabwe mukaona kuti kukhululuka kukufuna kuchitidwa kangapo.

M'kalata yanu mwatchula mongodutsa za mayi wachisilamu woyandikana naye nyumba, amene amakupatsani usipa pangongole kudoko ndi kukusungirani ana mukapita kumsika. Ndikupemphani kuti muimepo pang'ono pamenepo. Davide atafika ku Mahanaimu, anthu atatu anamubweretsera zogonera, mabeseni, miphika, tirigu, ufa, nyemba, uchi ndi nkhosa, chifukwa anati anthuwa ali ndi njala ndi ludzu m'chipululu. Mmodzi wa iwo, Sobi, anali Mwamoni, ndipo wina, Barizilai, anali nkhalamba ya zaka 80. Itai, amene anakana kumusiya pa tsiku lothawa, anali mlendo wochokera ku Gati, mzinda wa Afilisti. Palibe mngelo amene anaonekera kwa Davide pa ulendo wonsewo, ndipo chisamaliro cha Mulungu chinafika m'miphika ya anthu amene sanali oyembekezeka. Mwina kumwamba sikunakhale chete monga mukuganizira, kungoti mukuyembekeza yankho kuchokera kwa amayi a kumpingo pamene lafika kale kudzera pakhomo lina.

Za kumpingoko, musachoke mwakachetechete ngati wolakwa. Pemphani kuonana ndi abusa pamodzi ndi akulu ampingo awiri kapena atatu, muwafotokozere zimene zikunenedwa ndi amene akuzinena, pakuti kuyang'anira amasiye ndi udindo umene Yakobo 1:27 waika pa iwo, ndipo nkutheka kuti nkhaniyi aimva mbali imodzi yokha. Musanapite kuboma, sonkhanitsani chiphaso cha imfa ya bambo, mtchatho kapena umboni wina wa ukwati wanu, malisiti a injini ngati alipo, ndi mayina a anthu a kudoko amene akudziwa mmene botilo linagulidwira. Musapite nokha, tengani ankhoswe anu kapena malume a anawo, ndipo mukabwerako mundilemberenso kuti ndimve mmene mwayendera.